Yambirani ku Potato Creek, achemwali, Turkey Run idikire

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo ndati ndiyankhe motalikirapo chifukwa pamene mwaimapo nafenso tinaimapo. Mwati mwangokhazikika kumene ku South Bend, ku Indiana kuno ku America, ndipo ana anu awiri, wa zaka 5 ndi wa zaka 10, sakukupatsani mpata, akufuna akagone m'tenti ku state park, malo achilengedwe osungidwa ndi boma, monga amachitira anzawo a kusukulu. Koma bambo akunyumba akuti sanawoloke nyanja kuti adzalipire ndalama zogonera pansi. Ndiye mukufunsa koyambira, zoyenera kutenga, komanso ngati sizoopsa kwa ana.

Mawu a bambowo ndikuwamvetsa, musawatenge mopepuka. Kwathu munthu amagona panja pamaliro, kapena madzi akagwetsa nyumba monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Kwa ambiri a ife tenti imatikumbutsa mavuto. Amuna anga ankalankhulanso chimodzimodzi. Chinawatembenuza mtima ndi usiku woyamba umene tinakhala mozungulira moto, mafoni atatsala m'galimoto, mwana wathu wamkulu n'kuwafunsa zimene ankachita usiku ali mwana kumudzi. Anayamba za kuotcha chimanga, za masewera a pabwalo mwezi ukawala, mpaka anafika pa nthano za Kalulu. Usiku umenewo ndi umene ana anga anaphunzira kuyankha kuti "tili tonse". M'nyumba zaka zonsezo nkhani zimenezi sizinatulukepo, aliyense amakhala m'chipinda chake, ndipo miyezi yachisanu ya kuno mukuidziwa mmene imatitsekera. Auzeni bambowo kuti mukupita kukaotha moto ndi ana, za tenti zibwere pambuyo.

Koyambira ine ndikuti ndi Potato Creek State Park, pafupi ndi North Liberty. Kuchokera ku South Bend simutha ngakhale ola pagalimoto. Kufupika kumeneku n'kofunika kwambiri paulendo woyamba: mvula ikavuta, kapena wamng'onoyo akayamba kulira usiku kuti akufuna bedi lake, mumangolongedza n'kubwerera, palibe chimene mwataya. Pali nyanja yaing'ono yotchedwa Worster Lake, pali gombe losambirako, tinjira toyendamo tosavuta, ndi njira yosalala ya njinga. Mukachita mwayi mudzaona mbalame yotchedwa osprey ikuwakha nsomba ngati nkhwazi ya ku Mangochi. Gonani usiku umodzi kapena uwiri basi. Ngati bambo akanitsitsa za tenti, komweko kulinso tinyumba tochita lendi.

Mapakiwa ndi a boma la Indiana, amayendetsedwa ndi nthambi yoona zachilengedwe yotchedwa DNR. Anayamba mu 1916, pamene Indiana inkakwanitsa zaka 100, ndipo oyamba anali McCormick's Creek ndi Turkey Run. Pachipata mumalipira pa galimoto, osati pa munthu, ndipo galimoto ya nambala ya Indiana imalipira zocheperapo. Malo ogona ali ndi mtengo wake wapadera, mumasungitsiratu pa intaneti, ndipo amatsegula miyezi 6 tsiku lisanafike. Musachedwe. Masiku a tchuthi a Memorial Day kumapeto kwa Meyi, a pa 4 Julaye ndi a Labor Day kumayambiriro kwa Seputembala amadzaza msanga. Ine ndimakonda Juni, kapena Seputembala Labor Day itadutsa, pamene anthu achepa ndipo udzudzu wayamba kutha. Posankha malo, tengani a magetsi komanso oyandikana ndi zimbudzi ndi mabafa, koma osati pakhomo penipeni, chifukwa anthu amadutsa ndi matochi usiku wonse.

Za katundu, musathamangire kugula zonse. Bwerekani tenti kwa anzanu a kutchalitchi kapena m'gulu lomwe lino, ndipo muyambe mwaimanga kuseri kwa nyumba kuti mudziwe ngati zitsulo zake zili zokwanira. Tenti yolembedwa kuti ndi ya anthu 4 imakwana anthu 4 ogona mothithikana opanda chikwama, choncho inu funani ya anthu 6. Chimene ambiri amaiwala ndi choyala pansi. Kuzizira kumachokera m'nthaka, ndiye ngakhale mufunde mabulangete atatu, ngati pansi palibe matiresi mudzadzuka msana ukuwawa. Mwana aliyense akhale ndi tochi yake, juzi, ndi masokosi ouma ogonera. Tebulo ndi malo okolezera moto mukazipeza komweko. Nsima imaphikika bwinobwino pa kachitofu ka gasi, ingokumbukirani mthiko ndi chipande. Ndiwo ine ndimaphikiratu kunyumba, nyemba kapena nkhuku, n'kuziumitsa mufiriji, ndipo zimathandiza kuziziritsa zakudya zina m'bokosi la ayezi.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Kukazizira bwanji, musalowetse makala, mbaula kapena chitofu m'tenti. Ife tinakulira pa mbaula ndipo dzanja limangofuna kuikokera pafupi, koma mukudziwa maliro amene timamva kwathu m'miyezi ya Juni ndi Julaye, banja lonse kupezeka litafa m'nyumba yotseka. Mpweya wa makala sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso. Tenti nayonso imausunga mpweyawo, ndipo nsalu yake imagwira moto mosavuta. Moto ukhale panja, ndipo pokagona muuthire madzi mpaka phulusa lizizire.

Nkhuni musanyamule za kunyumba zokhala ndi makungwa, ndipo musatole za m'nkhalango. Gulani komweko. Poyamba lamuloli linkandidabwitsa, koma chifukwa chake n'chomveka. Pali kachilombo kotchedwa emerald ash borer kamene kanapezeka ku Michigan mu 2002, kamabisala kunsi kwa khungwa, ndipo kapha mitengo ya ash mamiliyoni ambiri. Kamayenda mitunda italiitali m'nkhuni zimene anthu amanyamula m'magalimoto.

Mwafunsa za zilombo. Mikango, afisi ndi ng'ona kulibe. Amene angakusowetseni tulo ndi raccoon, kanyama ka nkhope yakuda m'maso kamene kamatsegula bokosi la chakudya ndi timanja take. Ulendo wathu woyamba tinasiya buledi ndi mazira patebulo, m'mawa tinapeza mapepala okha. Chakudya chonse ndi zinyalala zizigona m'galimoto, ndipo ana asabise maswiti m'tenti.

Zimene ine ndimaopa ndi zing'onozing'ono. Nkhupakupa za kuno si zazikulu ngati za ng'ombe zija, zina n'zochepa kuposa njere ya chitowe, ndipo zimafalitsa matenda a Lyme. Ana avale mabuluku aatali olowetsa m'masokosi, muwapopere mankhwala othamangitsa tizilombo okhala ndi DEET, ndipo madzulo aliwonse muwayang'ane m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Mukaipeza, igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu n'kuikoka molunjika pang'onopang'ono, osaiotcha ndi machesi. Pakadzatuluka chibanga chomakula mozungulira, kapena mwana akatentha thupi masiku otsatira, pitani kuchipatala n'kunena kuti munali kutchire. Pakhungu lathu lakuda chibangacho sichifiira moonekera bwino, ndiye muziyang'ana pa kuwala kokwanira. Chinanso ndi poison ivy, chomera cha masamba atatuatatu. Anawo auzeni kuti ndi chitedze cha kuno, kungoti kuyabwa kwake kumabwera mochedwa, ndi matuza, ndipo kumatha sabata ziwiri kapena kuposa. Mwana akachikhudza, msambitseni ndi sopo nthawi yomweyo, zovalazo muchape pazokha.

Potato Creek ikakuyenderani bwino, ulendo wachiwiri pitani ku Indiana Dunes State Park, ku Chesterton, pafupifupi ola limodzi kuchokera kwanuko. Dziwani kuti kumeneko kuli mapaki awiri ogundizana, ya boma la Indiana yomwe inakhazikitsidwa mu 1925, ndi national park ya boma lalikulu yomwe inapatsidwa dzinali mu 2019, ndipo chiphaso cha ina sichigwira kwa inzake. Wa zaka 10 adzasangalala ndi 3 Dune Challenge, kukwera milu itatu ya mchenga, Mount Jackson, Mount Holden ndi Mount Tom, mtunda wa makilomita pafupifupi 2.4. Mount Tom, womwe ndi wautali kuposa yonse, sufika ngakhale mamita 60 kuchokera pa nyanja. Munthu wodziwa Mulanje angaupeputse, koma mchenga umabweza phazi, ndipo masana umatentha. Nyamukani m'mawa, madzi akumwa ambiri, nsapato zotseka. Wa zaka 5 mwina adzathera kumsana, ndiye chitenje chisatsale.

Nyanja ya Michigan ikadzakuonekerani mudzakumbuka Salima, koma musaizolowere msanga. Madzi ake ndi ozizira, ndipo kukakhala mafunde pamakhala mkokomo wa madzi obwerera umene umakokera munthu kwakuya ngakhale wodziwa kusambira. Sambirani pokhapokha pamene pali opulumutsa anthu, mverani zikwangwani, ndipo mwana akhale pamene dzanja lanu lingamufike. Wamkuluyo mumuphunzitse kuti madzi akamukoka asalimbane nawo molunjika kumtunda, asambire chammbali motsata gombe mpaka atulukemo.

Ena pano akulangizani Turkey Run. Ndi kokongola zedi, sindikutsutsa: zigwa zakuya za miyala, mlatho wolendewera pa mtsinje wa Sugar Creek, ndi njira ya Trail 3 imene mumadutsa m'madzi n'kukwera makwerero a matabwa. Koma kukafikako ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposa pagalimoto, miyala yake ndi yoterera, ndipo pamakwerero aja mwana wa zaka 5 simungamugwire bwino inunso mukukwera. Ife tinadikira mpaka wamng'ono atakwanitsa zaka 8. Paki ya Brown County nayo isungeni kuti mudzapite mu Okutobala masamba akamafiira, koma imeneyo mudzasungitse malo mu Epulo.

Ngati bambo amakonda kuwedza, agule chiphaso pa intaneti musananyamuke, ana osakwana zaka 18 safunika kukhala nacho. Ndipo usiku ukakula muchepetse mawu ndi wailesi, chifukwa matenti amakhala moyandikana ndipo alonda amayendera. Mukasankha tsiku mundilembere kumbali, tenti yathu ya anthu 6 ndi matiresi awiri zili m'galaja, mudzatenge.