Za ma grant othandizira ana athu pa nkhani ya maganizo kuno ku America

Asisi, ndaona funso lanu lija loti kagulu kanu ka ku tchalitchi kamakumana ndi achinyamata Loweruka lililonse kukambirana za nkhawa ndi kuvutika maganizo, ndiye mukufunsa komwe mungapeze grant. Ndiyankha pompano osati ku inbox chifukwa ndikudziwa alipo ena akungowerenga phee koma funso ndi lomweli.

Choyamba musathamangire ku SAMHSA, nthambi ya boma la America yoona za matenda a maganizo ndi mankhwala ozunguza bongo. Aliyense akuuzani kuti pitani pa Grants.gov, webusaiti ya ma grant a boma, ndalama zili mbwee, eya zilipo koma omwe amawina kumeneko ndi mabungwe oti ali ndi akauntanti wawo komanso munthu amene ntchito yake ndi kulemba ma proposal basi. Mufunika kulembetsa kaye pa webusaiti ya boma ya SAM.gov kuti akupatseni UEI, nambala imene boma limadziwira bungwe lanu, ndi zaulere, wina akati mulipire dziwani kuti ndi wakuba ameneyo, koma zimatha kutenga masabata. Chinanso ndalama zambiri za boma, makamaka zodzera ku state kapena county, amachita kukubwezerani, muyambe mwaononga zanu kenako mutumize malisiti. Ifetu izi zinatipweteka. Tinawina ka grant kakang'ono, tinavina, tinaphika nsima ya chambo chochoka kumudzi musutikesi, kenako mpamene tinawerenga pepala bwinobwino nkuona kuti counselor timulipira kaye tokha miyezi itatu. Mayi wina anachita kupereka ndalama zake za chipereganyu. Tsiku lolemba lipoti malisiti a pizza tinakawapeza pa dashibodi ya galimoto atafufutika ndi dzuwa, oyera mbee, ndipo ndalama imeneyo sinabwerenso.

Ndiye yambani ndi mapepala. Lembetsani bungwe ku state kwanuko, tengani EIN, nambala ya msonkho ya bungwe, ku IRS, a misonkho a kuno, nayo ndi yaulere, kenako pemphani 501(c)(3), chilolezo cha IRS choti ndinu bungwe lachifundo losalipira msonkho. Ngati mukuyembekezera ndalama zosapitirira $50,000 pachaka pali fomu yaifupi ya 1023-EZ, mtengo wake $275, yaitali ya 1023 ndi $600. Mu bodi musangodzazamo abambo akunyumba ndi alamu anu chonde, opereka ndalama amayang'ana zimenezo. Ngati zonsezi zikukukulirani pezani fiscal sponsor, bungwe lolembetsa kale limene limakulandirirani ndalama nkukusungirani mabuku, nthawi zambiri amadula pakati pa 5 ndi 10 peresenti. Ine ndikanadziwa kale ndikanayambira pamenepo. Poti ndinu a tchalitchi, mapemphero akhale pawokha pulogalamu ya ana payokha, ambiri salipirira zachipembedzo ndipo akaunti ikakhala imodzi ndi ya chopereka mudzakangana ndi akulu ampingo, ndakuuzani.

Ndalama yoyamba ipezeni pafupi. Community foundation ya mumzinda mwanu, lomwe ndi thumba lothandizira ntchito za m'deralo, bungwe lachifundo la United Way, komanso zipatala zosachita bizinesi, zimenezi lamulo limazikakamiza kufufuza mavuto a zaumoyo a m'dera lawo zaka zitatu zilizonse ndipo lipotilo limakhala pa intaneti. Litsitseni, mukapezamo za maganizo a achinyamata mukagogode mutanyamula lipoti lawo lomwelo. Pitaninso ku laibulale mufunse ngati ali ndi Foundation Directory ya bungwe la Candid, mndandanda wa mabungwe opereka ma grant, m'malaibulale ena mumaigwiritsa ntchito ulere. Ndipo pa webusaiti ya Nonprofit Explorer ya atolankhani a ProPublica mutha kutsegula fomu ya 990-PF, imene foundation imatumiza ku IRS chaka chilichonse, nkuona anapatsa ndani, zingati. Mukaona kuti amangopatsa mayunivesite akuluakulu musataye nthawi yanu.

Wina poyankha funso lanu watchula Boris Lawrence Henson Foundation ya katswiri wa mafilimu Taraji P. Henson ndi Loveland Foundation. Ndi mabungwe abwino, pamodzi ndi Steve Fund ndi AAKOMA Project, koma kwenikweni amayendetsa mapulogalamu awoawo ndipo nawonso amasaka ndalama ngati inu nomwe. Pitani kwa iwo ngati anzanu ogwira nawo ntchito, mwina mtsikana wanu wina angathandizidwe kulipira therapy kudzera ku Loveland.

Polemba, umboni ulipo. Kafukufuku wa mu magazini ya madokotala ya JAMA Pediatrics wa 2018 anapeza kuti ana akuda a zaka 5 mpaka 12 amadzipha pafupifupi kawiri kuposa anzawo achizungu, ndipo mu December 2019 a Congressional Black Caucus, gulu la aphungu akuda a nyumba ya malamulo ya America, anatulutsa lipoti lotchedwa Ring the Alarm, komiti yake ankatsogolera ndi Bonnie Watson Coleman. Koma ziwerengerozi ziganizo ziwiri zakwana, owerenga proposal akuzidziwa kale. Chimene sakudziwa ndi chanu, ana angati amabwera, akhala akubwera miyezi ingati, angati munawatumiza kwa katswiri. Gulani kope lolembamo maina Loweruka likubwerali. Ndipo fotokozani zimene wina sangafotokoze, mwana wobadwira kuno amene kusukulu ndi Black basi, kunyumba akumuuza kuti iwe ndiwe Mmalawi usatengere za ana akuno, akati ndikuvutika maganizo mayi ake amene angoweruka ku shifiti ya usiku akumuyankha kuti ukusowa chani iwe, anzako ku Ntcheu akupita kusukulu opanda nsapato. Mabungwe akuluakulu aja makolo amenewa sawafikira, inu mumadya nawo mbale imodzi.

Samalaninso kalembedwe chifukwa mphepo inatembenuka. Fearless Fund ya ku Atlanta inkapereka $20,000 kwa amayi akuda a mabizinesi, gulu la Edward Blum, munthu wolimbana ndi mapulogalamu oyang'ana mtundu wa munthu, linawasumira mu 2023, ndipo mu September 2024 anagwirizana zotseka pulogalamuyo. Mu January 2025 kunabweranso ma executive order, malamulo a pulezidenti, olimbana ndi DEI, mapulogalamu ofuna kuti anthu a mitundu yonse apatsidwe mwayi mofanana. Ndiye ma foundation ambiri akuchita mantha ndi pulogalamu yolembedwa kuti ndi ya ana akuda okha. Zimandinyansa koma ndi mmene ziliri. Ife timalemba dera lomwe tikugwira ntchito ndi vuto lake, timanena poyera kuti ambiri ndi ana a mabanja ochokera ku Africa, koma khomo ndi lotsegukira mwana aliyense. Ine si loya, mawuwo akakuonereni wodziwa malamulo.

Mu bajeti musaiwale inshulansi, ma background check a aliyense wokhala ndi ana, chakudya ndi transipoti, ana opanda chakudya sabwera. Ndipo pezani munthu wa laisensi, social worker kapena counselor, ngakhale wa maola ochepa pamwezi, chifukwa tsiku lina mwana adzakuuzani kuti akufuna kudzipha kapena kuti akumenyedwa kunyumba ndipo pamenepo muyenera kudziwiratu wochita naye ndani, nambala ya 988, yoimbira munthu akafuna kudzipha kapena akavutika kwambiri maganizo, ikhale pakhoma, komanso malamulo a state yanu pa zonena nkhanza za ana muwadziwe. Opereka ndalama adzakufunsani zimenezi ndithu.

Mundiuze state yomwe muli, ndikutumizirani bajeti yathu yakale muonere, koma mzere wa chakudya muwonjezere kawiri, ife tinaphonya.