Kodi mitengo ingaletse Linthipe kulowa m'munda mwanga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a m'dera la Mfumu Yaikulu Pemba ku Salima. Munda wawo uli m'mbali mwa Linthipe. Akuti zaka ziwiri zotsatizana mtsinje wasefukira m'mundamo, chimanga chinagona, ndipo madzi ataphwera anasiya mchenga wofika m'mawondo mbali ya kumunsi. Gombe likugumuka, mizere isanu yapita kale. Mnzawo wawauza kuti adzale bulugamu m'mphepete monse, ati aletsa madzi, komanso adzagulitsa mapolo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndidzale? Nanga mitengo ingaletsedi madzi?"

Bambo, zikomo polemba. Ndikuuzani zoona ngakhale sizikoma: mitengo ya m'munda mwanu yokha singaletse Linthipe kusefukira. Madzi amene amakulowerani si a mvula ya kwa Pemba ayi. Achokera kumtunda ku Dedza, alandiranso a mtsinje wa Lilongwe, kenako atsika mapiri n'kudzafika pachigwa chathu chino ali ndi ukali wonse. Kumtundako kukakhala kopanda mitengo, mvula silowa pansi, imangothamanga itasenza dothi. Dothi lomwelo limadzakwirira mtsinje kuno, mtsinje umachepa kuya, ndiye madzi ochepa chabe amakwanira kutaya. N'chifukwa chake nkhalango ya Thuma ndi ya Dedza-Salima ndi nkhani yanu inuyo, ngakhale simunapondemo phazi. Thumba lililonse la makala lotsika pa njinga kuchokera m'mapiri amenewo lili ndi mbali yake pa mchenga uli m'munda mwanuwo. Anzathu a ku Dwangwa ku Nkhotakota anaziona mu February 2024, madzi atalowa m'nyumba ndi m'minda mwa anthu ambirimbiri.

Koma musataye mtima. Chimene mungathe, ndipo n'chachikulu, ndi kugwira gombe kuti lisapitirire kudya munda, ndi kufooketsa madzi kuti akamalowa azilowa mofatsa, azisiya dothi lachonde m'malo mokokolola lanu.

Bulugamu pagombe ayi, chonde. Ndinaziona kudimba kwa amalume anga. Anadzala mzere wa bulugamu pamwamba penipeni pa gombe, mitengo inakula bwino, yowongoka ngati mizati. Pansi pake sipankamera kanthu, panali mbee. Madzi ankangofukula kunsi pang'onopang'ono mpaka mizu inkaoneka ili lende m'mwamba. Usiku wina mphepo itawomba, mitengo itatu inagwera mumtsinje, uliwonse utanyamula chibuma cha dothi chachikulu ngati nkhokwe. Kulemera kwa mtengo n'komwe kunathandiza madzi. Komanso bulugamu amamwa madzi kwambiri, dimba lanu la m'chilimwe lidzauma msanga. Ngati mukufuna mapolo, mudzaleni kumtunda, pamalo ouma, kutali ndi mtsinje ndi chitsime, ndipo muchenjere ndi chiswe, chimakonda mbande zake kunyanja kuno.

Pagombe yambani ndi udzu, mitengo ibwere pambuyo. Kumunsi kwenikweni, kumene madzi amamenya, bango ndiye mwini malo. Ngati lilipo musaliotche, musalitemenso lonse. Pamwamba pake nsenjere ndi vetiva. Vetiva mumugawe timagulu ting'onoting'ono, mudzale mothithikana, kutalikana kwake osaposa chikhatho, kuti akakula agwirane ngati mpanda. Mukasiya mipata madzi amapeza njira pomwepo n'kukumba chigwembe. Ubwino wa udzu ndi woti madzi akabwera umagona, akapita umadzuka, ndipo mizu yake imaluka dothi ngati mphasa. Kuseri kwa udzu mudzale nsungwi, kenako mitengo yozolowera m'mbali mwa madzi: mkuyu, katope, mthethe, mbawa. Mbawa ndi wa adzukulu anu, matabwa ake amadikira zaka zambiri, koma nsungwi mudzayamba kudula muli ndi mphamvu zanu.

Chowawa n'chakuti muyenera kuusiyira mtsinje malo. Ndikudziwa kuti pagombe pomwepo mpamene pali dothi lokoma, ndipo munthu wa munda wochepa sasiya mzere mwachisawawa. Koma khasu likafika pamlomo pa mtsinje, gombe limafewa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mizere isanu yapita kale. Kuli bwino mupereke nokha ina ingapo kwa udzu ndi nsungwi kusiyana n'kuti mtsinje uzitenga wokha chaka ndi chaka. Itanani alangizi a zaulimi adzaone malowo, akuuzeni kutalika koyenera kusiya. Ndipo mukambirane ndi oyandikana nawo munda pamaso pa amfumu, chifukwa mukateteza inu nokha, madzi adzaboola kwa mnzanu wa kumtunda n'kukulowerani kumbuyo.

M'kati mwa munda, mtengo wanu ndi msangu. Ku Salima sitifunika kuuphunzira m'buku, taonani chimanga cha pansi pa msangu m'mene chimabiriwira. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, ndiye suphimba mbewu, masambawo amasanduka manyowa, ndipo m'chilimwe nyemba zake mbuzi ndi ng'ombe zimadya. Njere zake n'zolimba khungu, muzitemeko pang'ono ndi chowengera zikhadabo musanafese. Mbande isakhalitse m'chubu, muzu wake umathamangira pansi ndipo ukapindika mtengo umapinimbira. Mudzale motalikana mamita 10. Umachedwa kukula zaka zoyamba, musauzule poganiza kuti wakanika.

Musanagule mbande ngakhale imodzi, yendani m'munda ndi m'malire muone zitsa zimene zikuphukira. Chitsa chili kale ndi mizu yakuya, chilala sichichiopsa. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse mudule, muzitengulira chaka chilichonse. Zimakula msanga kuposa mbande za ku nazale ndipo simulipira kanthu.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April, koma kunyanja kuno musadikire kumapeto. Mbande ya mu March imakumana ndi dzuwa isanagwire. Kupatula pagombe: pamenepo udzu ndi nsungwi mudzale madzi akayamba kuphwera, dothi likadali lonyowa, kuti zisakokoloke zisanamere mizu. Mukakolola, mbuzi zikamasulidwa, tchingirani mbande iliyonse ndi minga, ndipo mulambule kuzungulira moto wolusa usanayambe. Mitengo yambiri imene timadzala ndi nyimbo mu January imafa mu September chifukwa cha ziwirizi.

Za mchenga uja, pamene uli wochepa ugalauzeni usakanikirane ndi dothi la pansi, muthire manyowa ambiri. Pamene wafika m'mawondo musalimbane napo ndi chimanga chaka chino, yesani mbatata kapena chinangwa. Mukandilemberanso mundiuze ngati bango likadalipo kumunsi kwa gombelo, ndiponso ngati munda wanu uli mbali imene mtsinje umamenya pokhota kapena mbali imene umatula mchenga.