Kodi kanyama kopanda maso aka n'kachibale wa nkhanu?

Mphunzitsi wina wa sayansi wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti pokonzekera phunziro anapeza chithunzi cha kanyama kotchedwa Hutchinsoniella macracantha, ndipo pansi pake panalembedwa kuti kali m'gulu la ma crustacean (nyama za miyendo yamfundo zimene zambiri zimakhala m'madzi) limodzi ndi nkhanu. Funso lawo linali lakuti: “Kanthu aka kalibe zopanira, kalibe chigoba cholimba, ngakhale maso sindikuwaona. Kakungooneka ngati kamphutsi kovala chipewa. Ubale wake ndi nkhanu uli pati? Nanga kamuna ndi kakazi timatisiyanitsa bwanji?”

Aphunzitsi, mwandifunsa za kanyama kamene ndimakakonda kwambiri. Ubalewo ulipo ndithu, koma simungauone mukamakayang'ana chakumsana monga mmene zithunzi zambiri zimakaonetsera. Muyenera kukagoneka chagada n'kuwerenga ziwalo za kumutu kwake.

Dziko linakadziwa kanyamaka mu 1955, pamene Howard Sanders analemba za iko. Anakapeza m'matope a pansi pa Long Island Sound, nyanja yopapatiza ya pakati pa Connecticut ndi Long Island ku United States, ndipo dzina loyambalo analipereka polemekeza G. Evelyn Hutchinson, mphunzitsi wake pa yunivesite ya Yale. Kumeneko sikutali ndi anthu ayi, sitima zimadutsa usana ndi usiku. Chimene chinakabisa ndi kuchepa. N'kotalika mamilimita pafupifupi 3, kotuwa ngati matope omwewo, ndipo kamakhala m'matope ofewa a pamwamba penipeni, amene munthu akamasefa amangowataya. Sanders atakayang'anitsitsa anaona kuti sikakulowa m'gulu lililonse la ma crustacean limene linkadziwika, choncho anakapangira gulu lakelake, Cephalocarida. Dzinali likuchokera ku mawu awiri achigiriki, lina lotanthauza mutu, lina lotanthauza shrimp, kanyama ka m'madzi kachibale wa nkhanu.

Tsopano tikaike pansi pa maikulosikopu. Chipewa mwatchulacho ndi chishango cha mutu, chopindika ngati chitsulo chimene amakhomera ku phazi la hatchi. Kumbuyo kwake thupi lagawika tizigawo 19, kenako kachigawo komaliza kamene kali ndi timichira tiwiri tokhala ndi tiubweya titalititali. Tizigawo ta kutsogolo, tomwe ndi chifuwa chake, tili ndi miyendo, ta kumbuyo tilibe. Mukakatembenuza, pansi pa chishangocho mupeza mapeyala 5 a ziwalo, ondondozana motere: tinyanga toyamba, tinyanga tachiwiri, nsagwada, kenako mapeyala awiri a kumbuyo kwa nsagwada otchedwa maxilla. Umenewu ndiwo mutu wa crustacean. Chiwala chili ndi peyala imodzi yokha ya tinyanga, kangaude alibe n'komwe, koma nkhanu mukaiyang'ana bwino pakati pa maso muona mapeyala awiri a tinyanga tating'onoting'ono, ndipo mukatsegula pakamwa pake mupeza nsagwada ndi ma maxilla m'ndondomeko yomweyo.

Zopanira zisakusokonezeni. Zimenezo ndi miyendo chabe imene inakula mwapadera mwa nkhanu ndi abale ake apafupi, ndipo ma crustacean ambirimbiri alibe. Maso nawonso si chizindikiro cha gulu. Kanyama kokwawa m'matope kamadalira kukhudza ndi kununkhiza, ndipo tinyanga take n'timene timagwira ntchito imeneyo.

Pamene ndikufuna muchedwepo ndi pa peyala yachisanu ija, maxilla yachiwiri. Mwa nkhanu chiwalo chimenechi chinasinthiratu. N'chopyapyala, chobisika pambali pa kamwa, ndipo mbali yake ina imakupiza mosalekeza kuti madzi azidutsa pa ziwalo zopumira. Munthu sangaganize kuti chili pa ubale ndi mwendo. Koma mwa Hutchinsoniella, maxilla yachiwiri ndi mwendo basi. Mukaichotsa n'kuiika pambali pa mwendo woyamba wa pachifuwa, muvutika kunena kuti uwu ndi uti. Yonse ili ndi tsinde lophwatalala lokhala ndi timinga m'mphepete mwa mkati, nthambi yamkati yamfundomfundo yothera ndi tizikhadabo, nthambi yakunja yonga nkhafi, ndi kachipsepse kena kunja kwake. Akatswiri ankadziwa kale kuti ziwalo za pakamwa pa nkhanu ndi tizilombo ndi miyendo imene inasandulika, koma apa zinaonekera poyera pa kanyama kamoyo. Ine pamenepa m'pamene ndimaona kukongola kwa kanyamaka, ndipo ana asukulu akamvetsa peyala imodzi imeneyi, amvetsanso chifukwa chake akatswiri amawerenga ziwalo m'malo mongodalira maonekedwe.

Kufanana kwa miyendoko kuli ndi ntchito yake. Miyendo imapalasa motsatizana, wina pambuyo pa unzake, ngati funde loyenda m'thupi. Kupalasa komweko kumakayendetsa, ndipo kumavundula matope n'kukokera tinyenyeswa ta zinthu zowola pakati pa miyendo. Timinga ta m'tsinde tija timalandirana tinyenyeswato n'kutikankhira kutsogolo m'kangalande ka pansi pa thupi, mpaka tikafike pakamwa. Kamwalo linaloza kumbuyo, pansi pa mlomo waukulu wotchedwa labrum, kudikirira chakudya chochokera kumiyendo. Choncho kuyenda ndi kudya ndi ntchito imodzi.

Za magulu ndidutsa mofulumira, chifukwa nzongoloweza. Kali mu Arthropoda, nyama za miyendo yamfundo zimene zimafundula khungu zikamakula. M'menemo kali mu class (gulu lalikulu) ya Cephalocarida, order (gulu locheperapo) ya Brachypoda, banja la Hutchinsoniellidae. Gulu lonseli ndi laling'ono zedi: mitundu yodziwika siikwana 20, ndipo yagawidwa m'magulu 5, omwe ndi Hutchinsoniella, Lightiella, Sandersiella, Chiltoniella ndi Hampsonellus. Lightiella anaipeza koyamba ku San Francisco Bay, Sandersiella ku Japan, Chiltoniella ku New Zealand. Ina imakhala m'madzi osaya, ina pakuya mamita pafupifupi 1,500. Nkhanu iyo ili mu class ina, Malacostraca, m'gulu la Decapoda la miyendo 10.

Koma pali nkhani ina imene mwina buku lanu silinaikemo. Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsa kuti Cephalocarida ndiyo chithunzi cha kholo la ma crustacean onse, chifukwa cha miyendo yofananayo. Atayamba kuyerekezera DNA zinthu zinasintha. Mu 2010, Jerome Regier ndi anzake anatulutsa kafukufuku m'magazini ya Nature woonetsa kuti tizilombo ta miyendo 6 tinachokera m'kati mwa ma crustacean, ndipo anaika Cephalocarida pafupi kwambiri ndi tizilomboto, limodzi ndi Remipedia, tinyama takhungu ta m'mapanga a madzi amchere timene Jill Yager anatifotokoza mu 1981 kuchokera ku Bahamas. Kafukufuku wotsatira anasunthako malo ake enieni, n'kusiya Remipedia yokha pafupi ndi tizilombo, koma ambiri akugwirizanabe pa mfundo yaikulu: kanyama kanuka kali ku nthambi imodzi ndi chiwala ndi gulugufe, pamene nkhanu ili ku nthambi ina. Zonsezi pamodzi masiku ano amazitcha Pancrustacea. Ndiye inde, n'kachibale wa nkhanu, koma chiwala n'chimene chili m'bale wake wapafupi kuposa nkhanuyo.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti musawauze ana kuti aka n'kanyama kakale kamene kanaima osasintha. Mwina miyendo yake yasungadi kapangidwe ka makedzana, koma kanyamako kakhala kakusintha zaka zonsezi monga nyama ina iliyonse, mpaka kuzolowera moyo wa m'matope amdima.

Funso lanu lomaliza lili ndi yankho lalifupi: simungatisiyanitse, chifukwa palibe kamuna kapena kakazi. Kalikonse kamapanga mazira ndi umuna womwe, ndipo njira zonse ziwiri zimatulukira pa kabowo kamodzi pafupi ndi peyala yachisanu ndi chimodzi ya miyendo ya pachifuwa. Nkhanu imanyamula mazira ochuluka osawerengeka pansi pa mimba, koma aka kamaikira awiri okha nthawi imodzi, aakulu poyerekeza ndi thupi lake, ndipo kamawamata pa timiyendo tiwiri tating'ono ta pa chigawo chachisanu ndi chinayi, limodzi kumanja, lina kumanzere. Kamayenda nawo m'matope mpaka ataswa. Kamwana kamatuluka kali ndi mutu ndi tizigawo tochepa chabe, kakusambira ndi kudya pogwiritsa ntchito tinyanga ndi nsagwada, monga amayambira ana a ma crustacean ambiri. Kakafundula kamaonjezera tizigawo kumbuyo, kakafundulanso kamaonjezera mwendo, pang'onopang'ono, osasandulika mwadzidzidzi ngati mmene mphutsi imasandukira gulugufe. Ngati pa chithunzi chanu mukuona timipira tiwiri tolendewera pamene pathera miyendo, amenewo ndiwo mazirawo.