"Saladi wandikola, nditani?"

Mayi ena amene amawerenga zomwe ndimalemba anditumizira imelo. Akuti ali pa dayeti yochepetsa thupi, ndipo masana aliwonse amadya letesi, tomato ndi nkhaka, madzulo masamba owiritsa ndi nyama ya nkhuku yochotsa khungu. Thupi layamba kutsika ndithu, koma saladiyo wawakola moti akangoona mbale mtima umabwerera, ndipo ikamati 4 koloko madzulo amapezeka akusakasaka mabisiketi. Funso lawo n'lakuti: angasinthe bwanji kadyedweka kuti kasamawatopetse, koma thupi osabwereranso?

Mayi, musadziimbe mlandu kuti mulibe khama. Zikukuchitikiranizi akatswiri a kadyedwe amazidziwa. Mu 1981, Barbara Rolls ndi anzake ofufuza anasonyeza kuti munthu akamadya chinthu chimodzi, kukoma kwake kumanka kuchepa mkamwa, pamene nkhuli ya zakudya zina ikadali pomwepo. N'chifukwa chake munthu amati wakhuta, koma keke akabwera malo amapezeka. Anapezanso kuti zakudya zikakhala zamitundumitundu munthu amadya zambiri. Apa ndiye pali mwayi wanu. Kusinthasinthako kuikeni pa ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso, kumene kudya zambiri kumakuthandizani, ndipo zotsekemera ndi zokazinga zisamakhale zamitundumitundu m'nyumba.

Koma ndinene mosapsatira: chimene mukudya masanacho si chakudya chokwanira munthu wamkulu. Nkhaka ndi letesi pafupifupi 95 peresenti ndi madzi, ndipo tomato sasiyana nazo kwenikweni. M'mbalemo mulibe chomanga thupi, mulibenso mafuta. Njala ya 4 koloko ikuchokera pamenepo. Onjezani mazira awiri owiritsa, poti dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni (zomanga thupi), kapena kapu ya nyemba zophika, kapena nsomba, kapena nkhuku yotsala dzulo yonyenyanyenya. Muikeponso kachakudya kopatsa mphamvu, monga mbatata yootcha kapena masipuni angapo a mpunga. Mapuloteni ndi faiba (timaulusi ta m'masamba ndi nyemba) zimachedwa kugayika, ndiye m'mimba mumakhala bata nthawi yaitali.

Mafuta nawo musawathawe. Mavitamini A, D, E ndi K amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndiye karoti ndi sipinachi zodyedwa popanda mafuta zimakupindulitsani pang'ono poyerekeza ndi zothira timafuta. Chofunika n'kuyeza. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120, ndipo kuthira kuchokera m'botolo n'kosavuta kupyola masipuni atatu osadziwa. Gwiritsani sipuni, imodzi ikwanira. Tsiku limene mwaikamo peyala kapena mtedza, mafutawo achepetseni.

Tsopano ku nkhani ya kukola. Ambiri amaganiza kuti kusinthasintha n'kugula masamba achilendo sabata iliyonse. Ine ndimaona kuti chimatopetsa munthu si masambawo koma kakonzedwe kake: zonse zaziwisi, zonse zozizira, zonse zomveka chimodzimodzi pansi pa mano. Tengani kabichi. Muduleni mopyapyala kwambiri, wazani kamchere, kenaka mufinyeni ndi manja kwa mphindi ziwiri mpaka afewe ndi kutuluka timadzi. Finyiranimo ndimu, dulirani apozi. Mawa lake kabichi yemweyo mudule zigawo zikuluzikulu, mupake timafuta, muike pa chiwaya chotentha osamutembenuza mpaka m'mbali mupserere pang'ono. Amatuluka wotsekemera, wofewa mkati, wonunkhira utsi, moti simunganene kuti ndi wa dzulo uja. Karoti nayenso akakhala wopala wamuwisi amakhala wina, akaotchedwa mu uvuni mpaka kuchita bulauni amakhalanso wina. Anyezi wofiira mukamudula mopyapyala n'kumuviika mu viniga kwa theka la ola, ukali umatha, amasanduka wapinki, ndipo kachidutswa kochepa kamadzutsa mbale yonse.

Ndipo palibe lamulo loti saladi azikhala wozizira. Mabiringanya, maungu, zitheba kapena bitiruti zotentha, zothira pamwamba pa masamba aawisi ndi nyemba, ndi saladi ndithu. Masiku ozizira sinthani zonsezo zikhale supu. Tomato akaphikidwa amataya vitamini C wina, koma laikopini, chimene chimamufiiritsa chija, amalowa bwino m'thupi, ndiye wamuwisi ndi wophika onse ali ndi ntchito yake.

Chinanso chosintha kukoma msanga ndi msuzi wothira pamwamba. Lero mafuta, ndimu ndi adyo. Mawa yogati wopanda shuga, adyo ndi tsabola. Mkuja chiponde sipuni imodzi chosungunula ndi madzi ofunda, ndimu ndi jinja. Masamba omwewo, koma pakamwa pamamva ngati mwaphika zatsopano. Mayonesi sindimamuletsa kotheratu, koma sipuni imodzi ili ndi makalori oyandikira 100, ndipo misuzi yambiri ya m'mabotolo imabisa shuga ndi mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, amene ndi pafupifupi tiyisipuni imodzi, kuphatikizapo mchere umene uli kale m'zakudya zogula. Chowawasa, adyo ndi zokometsera zina zikakolera, mchere simuufuna wambiri. Ndimu uja alinso ndi phindu lina: vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pamene tiyi womwera pomwepo amachepetsa kuyamwako.

Bungwe lomwelo limalimbikitsa magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku, osawerengera mbatata ndi zina zamizu zokhutitsa. Ndi letesi yekha simungafikepo, chifukwa ndi wopepuka kwambiri. Masamba ophika ndi ootcha amanyala, ndiye mumadya ambiri osavutika.

Pa nthawi, ndikudziwa kuti palibe amene angakonze zonsezi tsiku lililonse. Sankhani tsiku limodzi muphike nyemba, muotche masamba, muwiritse mazira, muike chilichonse m'kontena yakeyake mufiriji. Zophika muzidye asanapitirire masiku atatu kapena anayi. Musasakanizetu, ndipo msuzi muthire nthawi yodya, apo ayi masamba amalefuka n'kudzaza madzi. Zodya zaziwisi muzitsuke bwino ndi madzi aukhondo.

Njala ya madzulo ija ikapitirira ngakhale mwakonza chamasana, musalimbane nayo. Ikonzereni chokhwasula: chipatso chimodzi ndi mtedza wodzaza kadzanja, magalamu ngati 30, amene ali ndi makalori pafupifupi 170. Muuyeze n'kusiya paketi kutali.

Simunanene ngati mumamwa mankhwala aliwonse. Ngati mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musachulukitse mwadzidzidzi sipinachi ndi masamba ena obiriwira kwambiri, chifukwa vitamini K amasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwalawo. Ngati muli ndi matenda a shuga kapena a impso, kapena ndinu oyembekezera, kambiranani ndi dokotala wanu musanasinthe kwambiri kadyedwe.