Mphaka wozolowera panja mwamutsekera m'nyumba, kodi adzazolowera? Yankho kwa achemwali aku Moatize

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena ake, kwawo ndi ku Angónia koma pano ali ku Moatize komwe bambo akunyumba akugwira ntchito. Ndaifupikitsa, akuti:

"Pali mphaka wamkazi wamkulu kale amene amabwera pa kintale pathu kuyambira chaka chatha, ndikamuikira chakudya amadya ine ndili pompo koma kumugwira salola. Aneba anapiye awo akusowa nde akuti athira tameki. Ndinamunyengerera ndi karapau mpaka analowa m'nyumba ine nkutseka chitseko. Lero tsiku lachinayi, usiku onse akungolira, masana ali kuseri kwa matumba a chimanga, wakodza pa matilesi, dzulo wandikanda padzanja mpaka magazi. Bambo akuti ndimutulutse. Adzazolowera kapena ndikungomuzunza?"

Achemwali, mphakayo adikire kaye, tiyambe ndi dzanja lanulo. Chiwewe si cha agalu okha, amphaka nawo amadwala ndipo amapatsira, ndipo uyu wakulira panja sanabayidwepo katemera. Bala ngati limenelo limafunika kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 osapumira, ngati simunatero dzulo tsukanibe lero kenako pitani ku chipatala lero lomwe mukawauze kuti yakukandani ndi nyama yopanda katemera, za jakisoni akaone iwowo. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro palibenso mankhwala, nde si nkhani yoti ndiona mawa ayi. Ndipo izi zikuyankha kale mbali ya bambo akunyumba: nyama ngati mphaka kapena galu imene yaluma kapena kukanda munthu imayang'aniridwa masiku 10, ikakhalabe bwinobwino ndekuti nthawi imene inakuvulazani inalibe kachilombo m'malovu. Mukamutulutsa lero nkuthawa mudzadziwa bwanji? Auzeni bambowo apirire kaye masiku amenewo.

Chinanso chachangu, musuzumireni pamimba akagona. Ngati mawere ali otupa ubweya wozungulira utathothoka, kulirako mwina si mantha koma wasiya ana penapake, pansi pa mulu wa njerwa kaya kuseri kwa bafa. Afufuzeni lero muwabweretse kwa make.

Tsopano funso lanu lenileni. Mwana wa mphaka amazolowera dzanja la munthu ali ndi masabata awiri kufika 7, nthawi imeneyo ikadutsa asanagwidwepo, munthu kwa iye amakhala chilombo basi. Wanuyo ali pakatikati, amadya inu mukuona, ndekuti penapake anakhalako pafupi ndi anthu ali wamng'ono, mwayi ulipo ndithu. Koma ndisakunamizeni, alipo ena oti ngakhale muwaphikire nkhuku tsiku lililonse sadzakhala amphaka a pa sofa. Ndipo kumidzi kwathu kuja amphaka ena amakwerana ndi avumbwe, poti vumbwe ndi amene anabala mtundu onse wa amphaka a pakhomo, ana ake amakhala okongola koma amtima wa kutchire. Kaya azolowera kaya sazolowera, mphakayo ndi amene adzakuonetseni, inu ntchito yanu ndi kumukonzera malo ndi kusamukakamiza.

Nyumba yonse yamukulira. Kwa inu ndi pakhomo, kwa iye ndi fungo lachilendo paliponse, ana akuthamanga, wailesi, mapoto, nde mupatseni chipinda chimodzi chaching'ono chimene anthu salowamo pafupipafupi, ngakhale chomwe muli matumbacho poti wachisankha kale yekha. Muikemo katoni yotseka mutaboola pakhomo, ndi malo okwera monga tebulo lakale, amphaka mtima umakhala m'malo akamaona zinthu ali pamwamba. Akabisala musamukoke, musatumenso ana kuti akamuone. Kubisala si kudwala, ndi mmene akudzitonthozera.

Koma apa pali nkhani ya Moatize imene anthu olemba za amphaka kunja sangaiganize. October ndi November kumeneko kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo chipinda cha malata chopanda siling'i chotsekedwa masana chitha kumupha. Ali panja amadziwa yekha kokapeza mthunzi ndi dothi lozizira, mukamutsekera mwamulanda nzeru imeneyo nde zonse zili kwa inu. Windo likhale lotsegula koma lokhomedwa waya wolimba, osati neti ya udzudzu, imeneyo ang'amba usiku umodzi. Madzi malo awiri, simenti ikhale poyera kuti azigonapo, masana yalani saka lonyowa pakona. Mphaka si galu, ukamuona akupuma kukamwa kuli yasa ndekuti zavuta, mupititseni pozizira msanga. Anzanga aku Ulongwe ndi ku Tsangano inu vuto lanu ndi la June ndi July, katoni ndi bulangete lakutha zakwana.

Za matilesi musamumenye, sanachite mwano, analibe poti apite ndiponso mphaka wamantha amakodza pamene pali fungo lambiri kuti asakanize ndi lake. Tengani beseni lalikulu losazama kwambiri muthiremo mchenga wouma, wa ku mtsinje wa Revúbuè omwewo omangira nyumba uli bwino, pamwamba muwazepo dothi la pamalo pamene ankadzithandizira panja, azindikira yekha osaphunzitsidwa. Beseni likhale kutali ndi mbale yodyera. Muzichotsa zoipazo tsiku lililonse ndi kusamba m'manja, ndipo ngati muli oyembekezera ntchito imeneyi agwire wina, m'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo ta toxoplasma timene timavulaza mwana m'mimba. Timayamba kupatsira pakadutsa tsiku limodzi kapena angapo chimbudzicho chili pompo, nchifukwa chake ndikuti tsiku lililonse. Matilesiyo chapani ndi sopo ndi vinega pang'ono muyanike padzuwa, kuchipinda kwanu muzitseka.

Chakudya nde pagona nkhani yonse, chifukwa ndi chokhacho chimene muli nacho chomwe iye akufuna. Ambiri timangoponya mkute wothira msuzi nkumati mphaka wadya, inde panja ankakhala ndi moyo koma chifukwa ankawonjezera mbewa, abuluzi ndi ziwala. M'nyumba zimenezo mulibe. Thupi la mphaka limafuna nyama, muli chinthu china chotchedwa taurine chimene thupi lake silipanga chokwanira, chikasowa kwa nthawi yaitali maso amafa mtima nkufooka. Nde karapau yophika yochotsa minga, zam'kati mwa nkhuku zophika, dzira lophika, kapenta wa ku Cahora Bassa mutamuviika kaye kuti mchere uchoke, nsima ingokhala yowonjezera pang'ono. Nsomba youma ya Chicoa ayi, mchere wake wachuluka. Nsomba zokhazokha tsiku ndi tsiku sizabwinonso makamaka zaziwisi, muzisinthasintha, chiwindi mwa apo ndi apo. Ndiwo zotsala zimene muli anyezi kapena adyo musamupatse zimaononga magazi ake, ndipo mkaka umene anthu amati ndi chakudya cha mphaka ambiri akuluakulu umangowatsegula m'mimba. Cha m'mapaketi cha ku ma supamaketi a ku Tete ngati thumba likulola ndi chabwino, koma musachite kukongola ndalama.

Musasiye chakudya m'mbale tsiku lonse. M'mawa ndi madzulo nthawi yomweyomweyo, inuyo ndi amene muzibweretsa, mukaika mbale khalani pansi chapatali chammbali, muzisankha nyemba kaya kuona foni, muziyankhula motsitsa mawu zilizonse. Osamuyang'anitsitsa m'maso, kwa amphaka kumeneko ndi kuputa ndewu, maso akakumana phethirani pang'onopang'ono nkuyang'ana kumbali. Akayamba kudya inu mulipo muzisendeza mbale pafupi pang'ono masiku akamapita, kenako kumupatsa pa supuni yaitali, dzanja libwere kumapeto kwenikweni ndipo ayambe ndi iye kulinunkhiza. Akagoneka makutu kumbuyo, kuchita fuu, mchira ukumenya pansi, bwererani pamene munali dzulo. Ngati sakudya olo pang'ono inu mulipo musiyireni usiku, chifukwa mphaka akakhala masiku awiri atatu osadya kanthu chiwindi chimayamba kuonongeka, pamenepo nde pofunika dotolo wa ziweto.

Mphaka amene ankasaka usiku onse sangangokhala phee, apenga. Mangani nthenga za nkhuku ku chingwe, chingwe ku kamtengo, muzikoka pansi madzulo musanamupatse chakudya, ambiri amene amakana dzanja masewera awa sakana. Chingwecho muzichotsa mukamaliza angameze. Muikireninso chipika chokhala ndi makungwa choti azinolapo zikhadabo apo ayi anolera pa matumba anu a chimanga aja.

Mankhwala tsopano, ndipo apa mumve bwino chifukwa amphaka ambiri amafa ndi chifundo cha eni ake. Paracetamol ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kachidutswa. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin amamugwetsa khunyu mpaka kufa, dibi ya ng'ombe chimodzimodzi. Mankhwala a makoswe m'nyumba chotsani onse, akadya khoswe wakufa ndi poizoni naye zimamukhudza. Akabwera opopera udzudzu, iye ndi mbale zake zisakhale m'chipinda chopoperedwa mpaka muume ndi kusesedwa. Katemera wa chiwewe, mankhwala a njoka zam'mimba ndi a utitiri oyenera amphaka kafunseni kwa a pecuária, oona za ziweto, ku SDAE, ofesi ya boma yoona zaulimi ndi zachuma ya distrito yanu, masiku 10 aja akatha, ndipo muzitchera khutu za kampeni ya katemera makamaka chakumapeto kwa September poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse. Pomunyamula osamufungatira ayi, bokosi lolimba lobooledwa, lofunditsidwa kapulana.

Muwafunsenso komwe kuli dotolo wotseka amphaka aakazi. Kulira kwa usikuko pena ndi kufuna mwamuna, amagubuduzika pansi matako m'mwamba, ndipo zimabwerezabwereza mpaka atatenga bere. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 63 kufika 65 basi, atha kuswa katatu pachaka, ana ake nawo nkuyamba ali ndi miyezi 4 kufika 6. Wotsekedwa amakhazikika kwambiri, ndipo kwa ine opaleshoni imeneyi ndi yofunika kuposa nkhani yoti agona mkati kapena panja.

Mupatseni mwezi umodzi kapena umodzi ndi theka. Ngati wayamba kudzinyambita inu mulipo, kugona atatambasula miyendo, kukulandirani mchira uli njo, pitirizani, mutsegulireni zipinda zina chimodzichimodzi. Koma ngati nthawi yonseyo akuondabe, akudzizula ubweya, akukanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi, pamenepo inde mukumuzunza, ndipo ine sindiona chanzeru kumusunga mkaidi kuti tizinena kuti tamupulumutsa. Mutsegulireni m'mawa asanadye, madzulo muitaneni ndi mbale, akalowa tsekani agone mkati. Amphaka amasaka kwambiri madzulo ndi mbandakucha nde mwachepetsa kale mlandu wa anapiye.

Anebawo pitani mukacheze nawo musanamutulutse, mwaulemu, osayamba ndi kukana mlandu poti mwina wagwiradi. Koma akumbutseni kuti anapiye amathanso ndi akabawi, akhwangwala, likongwe ngakhale makoswe amene, ndipo tameki sasankha, adya ndi galu wawo, nkhuku zawo zomwe, Mulungu asalole mwana wokwawa. Ngati mungathe agulireni waya pang'ono amange kakhola ka anapiye, ndi wotchipa kuposa udani wa pa mpanda. Akakakamirabe zothira poizoni poyera nkhaniyo ipite kwa a chefe do quarteirão, mkulu woyang'anira mdadada wanu, si ya mphaka yekhanso imeneyo.