Njovu zopanda minyanga ku Luangwa: kodi anazidula ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilenje, kuno ku Lusaka. Akuti atapita kwawo ku Mfuwe kukaona makolo, madzulo ena anaona njovu zikuwoloka mtsinje wa Luangwa, ndipo zitatu mwa zikuluzikulu zinalibe minyanga ngakhale kachidutswa. Amalume awo anawauza kuti agemu ndiwo amazidula kuti opha nyama mozemba asamazilondole. Ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Amayi, amalume anuwo sanangopeka. Zodula nyanga zimachitikadi, koma kwa chipembere, chifukwa nyanga yake ili ngati chikhadabo, ukaidula imaphukanso. Mnyanga wa njovu ndi dzino lakutsogolo lam'mwamba, lili ndi mtsempha mkati, ndipo tsinde lake linazika m'chibade. Njovu munaonazo palibe anazikhudza. Zinabadwa choncho, ndipo sindikukayika kuti zonse zitatu zinali zazikazi.

Njovu zazikazi zotere zakhalapo kuyambira makedzana, kungoti zinali zochepa. Chimene chinazichulukitsa ndi mfuti. Munthu wofuna minyanga akapeza gulu, amalozetsa mfuti kwa yomwe ili ndi katundu, yopanda kanthu n'kuisiya. Yosiyidwayo ndiyo imabereka, n'kupatsira ana ake chibadwa chomwecho. Zikachitika chaka ndi chaka, gulu lonse limasintha maonekedwe.

Kwathu konkuno ofufuza anawerenga. Ku South Luangwa mu 1969, njovu zazikazi pafupifupi 10 pa 100 zilizonse zinalibe minyanga. Pofika mu 1989, chaka chimene mayiko anagwirizana zoletsa malonda a minyanga, zinali zitafika pa 38. Zaka 20 zokha, kwa nyama imene imakhala ndi bere miyezi 22! Akuluakulu a kuchigwa amakumbukira nthawi imeneyo, mitembo ya njovu ikuwolera m'tchire nkhope zitagwazidwa ndi nkhwangwa.

Chinsinsi chake chenicheni chinatulukira kwa anzathu a ku Mozambique, m'nkhalango ya Gorongosa. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, mbali zonse ziwiri zinkapha njovu, kudya nyama ndi kugulitsa minyanga kuti zigule zida. Njovu zoposa 2,500 zinatsika mpaka kutsala zosakwana 250. Nkhondo isanayambe, zazikazi zopanda minyanga zinali pafupifupi 19 pa 100, koma mwa zopulumuka zinali theka. Mu 2021 Shane Campbell-Staton wa ku yunivesite ya Princeton ndi anzake, kuphatikizapo Joyce Poole amene wakhala akuphunzira za njovu kwa zaka zambiri, anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya Science. Atayeza magazi a njovuzo anapeza majini awiri (tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa kuchokera kwa makolo) okhudza kakulidwe ka mano, AMELX ndi MEP1a, amene akuoneka kuti anasintha mwa njovu zopanda minyanga.

Apa ndi pamene pamandiwawa mtima. AMELX ali pa kromozomu ya X, kachingwe ka m'thupi konyamula majini. Njovu yaikazi ili ndi ma X awiri, choncho imodzi ikakhala ndi kusinthako, inayo imaithandiza, njovu n'kukhala ndi moyo koma yopanda minyanga. Yaimuna ili ndi X imodzi yokha. Ikatengera kusinthako kwa mayi ake, zonse zikusonyeza kuti imafera m'mimba. N'chifukwa chake ku Gorongosa ana obadwa kwa njovu zopanda minyanga, awiri mwa atatu aliwonse ndi aakazi, ndipo nkhunzi yobadwa yopanda minyanga siioneka wamba. Ndimamva anthu ena akunena kuti njovu zachenjera, zapeza njira yozembera mfuti. Ine sindingazitche nzeru. Njovuyo inapulumuka, inde, koma ikulipira ndi theka la ana ake aamuna.

Komanso mnyanga ndi khasu ndi nkhwangwa ya njovu. M'chilimwe, mitsinje ikaphwa, imafukula nawo mchenga mpaka madzi atatuluka, ndipo mphoyo, njiri ndi anyani zimadzamwa pachitsime chomwecho. Imasenda nawo makungwa, kukumba mchere m'dothi, kutetezera mwana. Gulu limene minyanga yachepa limasintha kadyedwe, ndiye tchire nalonso limasintha.

Kupha kukachepa, zinthu zimabwerera pang'onopang'ono. Ku Gorongosa, mwa ana aakazi obadwa nkhondo itatha, opanda minyanga anali mmodzi mwa atatu. N'kutsika ndithu kuchoka pa theka lija, koma sizinafikebe pamene zinali poyamba.

Mwati ana anu sanapite nanu ku Mfuwe ndipo akulira kuti sanaone njovu. Apititseni ku Lusaka National Park, kufupi ndi msewu wa Leopards Hill, kumene bungwe la Game Rangers International limalera ana a njovu amasiye asanawatumize kunkhalango ya Kafue. Ndinaimapo tsiku lina ndikuona kamodzi kakuyamwa botolo lalikulu la mkaka, chitamba chitapinda m'mwamba, mkaka ukuyenderera pachibwano, kenako n'kuthamangira kumatope makutu ali tambasu. Anawo akakufunsani kuti minyanga ili kuti, musafulumire kunena kuti nakonso n'kopanda. Minyanga imayamba kuonekera bwino kamwana kakafika zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye auzeni ayang'anitsitse m'mbali mwa chitamba, aona timitu toyera tikungosuzumira.