Phulusa la zinyalala za mumzinda si la m'dimba

Bambo wina wafunsa kuti: "Alangizi, munatiuza kuti phulusa limakonza nthaka. Nanga la ku ng'anjo yotenthera zinyalala za mumzinda, limene akupereka ulere, ndingathire m'dimba?"

Bambo, musathire. Phulusa limene ndinkanena ndi la nkhuni. Lili ndi potaziyamu ndi kashiamu, ndipo limachepetsa asidi m'nthaka. Koma m'ng'anjo ya mumzinda mumalowa mabatire, mababu, zitini za penti, mapaipi a PVC ndi mawaya. Moto wake umafika madigiri 850, komabe moto sutentha chitsulo n'kuchithetsa. Umangochiunjika pamodzi. Nayitrojeni amene mbewu zimafuna ndiye amathawa ndi utsi.

Phulusali lili pawiri. Lotsalira pansi pa ng'anjo ndiye lochuluka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa zinyalalazo. Mukalitapa ndi fosholo muona timiyala totuwa, magalasi osungunuka ndi misomali yadzimbiri. Zambiri mmenemo ndi silika, laimu, chitsulo ndi aluminiyamu, komanso mkuwa ndi zinki. Ku Denmark ndi ku Netherlands amaliika pansi pa misewu, koma atachotsamo zitsulo, kulisiya miyezi ingapo ndi kuliyeza.

Limene limandiopsa ine ndi phulusa linalo, losalala ngati ufa, limene limakodwa m'zosefera utsi. Ndi lochepa, koma ndimo mmene mumasonkhana zitsulo zoopsa monga mtovu, kadimiyamu ndi mekyule, komanso mchere wambiri ndi poizoni wotchedwa dioxin. Mcherewo umawauliratu mbande. Kadimiyamu ndiye wachinyengo: masamba amamuyamwa koma amaonekabe obiriwira bwino, ndipo wodya amawonongeka impso pang'onopang'ono. Mtovu umasokoneza ubongo wa ana. Zitsulo zimenezi siziwola, zimakhala m'nthaka zaka zambirimbiri.

Mayi wina naye akuti: "Ndinathira kale pabedi limodzi, ndipo nkhuku zanga zimapalasa pomwepo."

Mayi, yambani ndi nkhukuzo, zitsekereni lero lomwe. Dioxin amakhazikika m'mafuta, choncho amakathera m'mazira. Pabedipo palani nthaka yapamwamba mutaithira madzi kuti fumbi lisabuke, mutavala magolovesi ndi chophimba kukamwa. Musaitayire pafupi ndi chitsime kapena mtsinje. Funsani oyang'anira zinyalala kumene muyenera kukaisiya. Musadzalepo zakudya mpaka nthakayo itayezedwa ku labotale, ndipo mukawauze kuti ayeze mtovu ndi kadimiyamu, chifukwa kuyeza kwa masiku onse kumangoona asidi ndi chakudya cha mbewu.